Maluwa Okwera Ndege: Ntchito ya Ethiopian Cargo

Phunziro lino ndi la ndege. Tikudziwa kuti wina afunsa kuti, "Kodi ndege ikudzatani m'buku la ulimi? Ife tili ndi khasu basi." Funsolo ndi labwino, koma taganizani kaye za tomato. Mwathyola Lolemba, mwaika m'dengu, mwakhala pamsewu kudikira galimoto. Lachiwiri galimoto osaoneka. Lachitatu tomato wayamba kufewa. Pofika Lachisanu mukutayira nkhumba. Nthaka inabereka bwino, inunso munalima bwino, koma masiku akudyerani thukuta lanu.

Tsono kuli dziko lina muno mu Africa kumene duwa lothyoledwa Lolemba m'mawa limatha kukhala pa msika wa ku Ulaya Lachitatu lisanafote. Dzikolo ndi Ethiopia. Amene amanyamula duwalo ndi nthambi ya katundu ya kampani ya ndege ya boma lawo. Kampaniyo dzina lake ndi Ethiopian Airlines, ndipo nthambiyo amaitcha Ethiopian Cargo. Mu Africa monse muno palibe kampani ina ya ndege yonyamula katundu wochuluka kuiposa. Tiyeni tione m'mene imagwirira ntchito, katundu amene imalola, amene imakana, ndi chifukwa chake.

Dziko lopanda doko

Ethiopia ndi dziko la mapiri ataliatali ndi zigwa zakuya, kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Likulu lake ndi Addis Ababa. Ife kuno tili ndi madoko, Maputo, Beira ndi Nacala. Iwo alibe ndi limodzi lomwe. Gombe lawo la nyanja yamchere linachoka m'manja mwawo m'chaka cha 1993, pamene Eritrea inakhala dziko palokha. Katundu wawo wambiri amatsikira ku doko la dziko loyandikana nalo, Djibouti, ulendo wa makilomita pafupifupi 900 pa msewu.

Kampani ya ndegeyi inakhazikitsidwa mu Disembala 1945, m'nthawi ya mfumu Haile Selassie. Ulendo wake woyamba unali pa 8 Epulo 1946, kuchoka ku Addis Ababa kupita ku Cairo, kudzera ku Asmara. Ndege zoyamba zinali zisanu, za mtundu wa C-47, zotsala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zinali ndege za asilikali. Anthu ankakhala pa mabenchi a nsalu m'mbali, katundu ali pakati pawo. M'madera ambiri a m'mapiri misewu kunalibe, kotero ndege zoterezi zinkatera pa mabwalo a udzu ndi fumbi, kutsitsa katundu wa m'tauni ndi kukweza zokolola. Tinganene kuti katundu ndi anthu anayambira limodzi kukwera.

Poyamba oyendetsa ndege ndi amakanika anali a ku America, ochokera ku kampani ya TWA. Ana a dziko la Ethiopia anaphunzira ntchitoyo pang'onopang'ono. M'chaka cha 1971 mkulu wa kampani anakhala munthu wa ku Ethiopia komweko, ndipo mu 1975 mgwirizano ndi TWA unatha. Mfumu inachotsedwa pa mpando mu 1974, boma la asilikali linagwa mu 1991, koma ndege sizinaime. Mpaka lero kampani yonse ndi ya boma.

Katundu amakwera bwanji?

Pali njira ziwiri.

Mukaona ndege yonyamula anthu ikudutsa kumwamba, dziwani kuti pansi pa mipando pali chipinda china chachikulu. M'menemo mumalowa masutikesi a apaulendo, koma malo amatsalako. Malo otsalawo kampani imagulitsa kwa amalonda. Mliri wa Covid-19 usanabwere, pafupifupi theka la katundu yense woyenda pa ndege pa dziko lapansi ankayenda motere, m'mimba mwa ndege za anthu.

Njira yachiwiri ndi ndege za katundu yekhayekha. Izi zilibe mizere ya mipando, zilibe mawindo a apaulendo. Kutsogolo kuli oyendetsa, kwina konseko ndi katundu. M'mbali muli chitseko chachikulu zedi, ndipo pansi anaikapo timawilo tambirimbiri kuti katundu wolemera azingotsetsereka. Yaikulu mwa ndege zotere ku Ethiopian Cargo ndi Boeing 777F. Yoyamba inafika m'chaka cha 2012, ndipo inali yoyamba ya mtunduwu mu Africa. Imanyamula matani pafupifupi 100.

Matani 100 ndi katundu wochuluka bwanji? Tani imodzi ndi makilo 1,000, ndiye kuti matumba 20 a makilo 50. Matani 100 ndi matumba 2,000. Lole yaikulu ya matani 30 iyenera kubwera katatu, ndipo katundu wina atsalabe. Zonsezo zimanyamuka pansi nthawi imodzi ndi kuuluka.

Sapakira katoni imodziimodzi m'ndege ayi, angachedwe. Amayamba asanja makatoni pa chitsulo chafulati chotchedwa paleti, mamita atatu ndi pang'ono m'litali, mamita awiri ndi theka m'lifupi. Mulu ukakwana amaukuta ndi pulasitiki, kuumanga ndi ukonde, ndi kuuyeza pa sikelo. Pamwamba pa muluwo amapendeketsa kuti ufanane ndi denga la ndege, pakuti dengalo ndi lokhota. Mu 777F mumalowa mapaleti 27 m'chipinda cham'mwamba ndi 10 m'chipinda cham'munsi.

Paleti iliyonse ili ndi malo ake, ndipo pali munthu amene ntchito yake ndi kuwerengera malowo. Aliyense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe akudziwa chifukwa chake. Katundu akachuluka kumbuyo, goli limanyamuka ndi kutsamwitsa ng'ombe. Akachuluka kutsogolo, limaziponda pakhosi. Ndege nayonso ndi chimodzimodzi, kungoti ngolo ikalakwika mumaima ndi kukonza, pamene m'mwamba mulibe poimira. Katundu wina ndi woopsa, monga mabatire ndi mankhwala osachedwa kuyaka, ndipo ali ndi malamulo akeake. Pa 22 Julaye 2020 ndege imodzi ya 777F ya kampaniyi inayaka moto ili pansi pa bwalo la Pudong ku Shanghai, nthawi yopakira. Palibe anafa, koma ndegeyo inaonongeka kwambiri.

Pali vuto lina limene Addis Ababa ali nalo. Bwalo lake la ndege, lotchedwa Bole, lili pamwamba kwambiri, mamita opitirira 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamalo otere mpweya ndi wopepuka. Munthu amene sanazolowere amapuma wefuwefu, ndipo ndege nayonso imavutika kunyamuka. Dzuwa likatentha mpweya umapepukiratu. Chifukwa chake woyendetsa sangadzaze katundu ndi mafuta zonse mpaka pakamwa. Ayenera kuchepetsa china, kapena kudikira usiku kukazizira.

Chinthu china: katundu wopanda kalata sakwera. Katundu aliyense ali ndi kalata yake ya ulendo, yonena mwini wake, wolandira, chimene chili m'kati ndi kulemera kwake. Kalatayo ili ndi nambala ya manambala 11, ndipo atatu oyamba amasonyeza kampani yonyamula. A Ethiopian ndi 071. Wogwira ntchito m'nyumba ya katundu akawerenga molakwa nambala imodzi yokha, katoni yopita ku Belgium ingathe kukatsikira ku China.

Tiyeni tiwerengere

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho tisathamange.

Ndege imadya mafuta koopsa. Ndege ya 777F imatentha matani 7 a mafuta kapena kuposa pa ola limodzi. Ndalama ya mafutawo, ya oyendetsa, ya amakanika ndi ya bwalo, yonse imachokera kwa mwini katundu, ndipo amalipira pa kilo. Mtengo umasintha nyengo ndi nyengo, koma kuti tiphunzire kuwerengera tiyerekeze kuti ndi madola 2 pa kilo kuchoka ku Addis Ababa kufika ku Ulaya.

Tikweze thumba la chimanga la makilo 50. Makilo 50 kuchulukitsa ndi madola 2, tipeza madola 100. Ndani angagule thumba la chimanga pa madola opitirira 100? Palibe. Ndiye kuti ulendo wadula kuposa chimanga chenichenicho kangapo konse. Mbatatesi ndi chinangwa ndi chimodzimodzi, nzolemera koma mtengo wake pa kilo ndi wochepa.

Tsopano tikweze maluwa a rozi. M'kilo imodzi mumalowa maluwa 20, 30, mwina kuposa, kutengera kutalika kwa phesi. Ngati ndi 25, madola 2 aja tikagawa pa maluwa 25, duwa lililonse lalipira masenti 8 okha. Wogula ku Ulaya salimva n'komwe.

Katundu wa ndege tsono amakhala wa mtengo waukulu pa kilo, ndiponso wosatha kudikira. Zonse ziwiri zimafunika. Taonani khofi. Khofi ndiye mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja zambiri ku Ethiopia, ndipo mtengo wake pa kilo si wochepa. Koma khofi wouma savunda. Angathe kukhala m'thumba miyezi. Chifukwa chake wambiri amatsikira ku Djibouti ndi kukwera sitima ya pamadzi, imene imachedwa milungu itatu kapena kuposa koma ndi yotsika mtengo kwambiri. Duwa silingadikire chotero popanda kulisamala mwapadera. Nyama ya mbuzi ndi nkhosa yongoziziritsa, yosaumitsa ndi chisanu, nayonso siingadikire. Imachokera m'nyumba zophera ziweto monga za ku Modjo, ndipo imauluka kupita ku Dubai ndi Saudi Arabia. Zitheba, nandolo zaziwisi za chizungu, sitiroberi, mbande za maluwa ndi masamba onunkhiritsa ndiwo, zonsezi zili m'gulu lomweli.

N'chifukwa chake bungwe la makampani a ndege la IATA limawerengera kuti katundu wa pa ndege safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a malonda a pakati pa maiko tikayeza kuchuluka kwake, koma tikayeza ndalama ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Pali samu inanso, ndipo iyi ambiri saidziwa. Ndege imadzaza m'njira ziwiri, kulemera ndi malo. Thumba la thonje losatsendera ndi lopepuka, koma limadya malo a matumba angapo a mchere. Tsono a ndege sapusitsidwa. Amayeza katoni pa sikelo, kenaka amaiyezanso ndi tepi. Amachulukitsa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, ndipo yankho amaligawa ndi 6,000. Chimene chatuluka amachitenga ngati makilo. Mwa ziwirizo, chachikulu ndicho mumalipira.

Tengani cholembera. Katoni ndi ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi, 30 msinkhu. 100 kuchulukitsa ndi 40 ndi 4,000. 4,000 kuchulukitsa ndi 30 ndi 120,000. Tigawe ndi 6,000, tipeza 20. Katoniyo ngakhale ilemere makilo 12 pa sikelo, mulipira makilo 20. Makilo 8 enawo mwalipirira mpweya. Ndiye chifukwa chake amene amalongedza maluwa amawapanikiza mosamala, mitu uku ndi uku, mapesi pakati, kuti m'katoni musatsale malo. Kulongedza ndi luso, ndipo wolongedza bwino amapulumutsa ndalama zambiri kuposa m'mene iye amalandirira.

Ulendo wa duwa

Tiyeni tilitsate duwa limodzi.

Lamera pafupi ndi nyanja ya Ziway, m'tauni imene tsopano imatchedwanso Batu, makilomita pafupifupi 160 kumwera kwa Addis Ababa. Kumeneko kuli minda ya rozi yofoleredwa ndi pulasitiki, mashedi otalika mpaka maso kutopa. Waukulu ndi wa kampani ya Sher Ethiopia, imene inayamba mu 2005 ndi eni ake a ku Netherlands, ndipo imalemba antchito opitirira 10,000. Minda ina ili ku Holeta, ku Sebeta ndi ku Bishoftu. Maderawa ndi okwera, dzuwa limawala chaka chonse, usiku kumazizira. Rozi amakonda zimenezo. Ku Ulaya, kuti alime duwa lomwelo m'nyengo yachisanu, ayenera kutenthetsa shedi ndi kuyatsa magetsi, zimene zimadya ndalama.

Duwa amalidula lisanamasule, likadali lofumbata. Nthawi yomweyo phesi limalowa m'ndowa ya madzi oyera, ndipo ndowayo imathamangira ku chipinda chozizira. Chifukwa chake n'chakuti chomera chikadulidwa sichifa pompo. Chimapumabe, ndipo popuma chimadya chakudya chimene chinasunga m'thupi mwake. Kukatentha chimapuma msangamsanga, chakudya chimatha, chimafota. Kukazizira chimapuma pang'onopang'ono ngati chagona. Tomato wathu uja amachita chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake wothyoledwa m'mamawa n'kuikidwa pa mthunzi amakhalitsa kuposa wothyoledwa masana n'kusiyidwa pa dzuwa. Maluwa a rozi amawasunga pa madigiri 2 mpaka 4, kuzizira kotsala pang'ono kuumitsa madzi.

Akazizira amawasankha. Aatali paokha, aafupi paokha, opindika ndi amawanga kudzala. Amawamanga m'mitolo, kuwalongedza m'makatoni, ndi kuwakweza m'lole yokhala ndi firiji. Loleyo imapita ku Bole.

Ku Bole kuli nyumba ya katundu ya Ethiopian Cargo. Mu Juni 2017 anatsegula nyumba yachiwiri, yaikulu, imene inadya madola 150 miliyoni. Pamodzi ndi yakale, nyumbazi zingathe kulandira matani pafupifupi miliyoni imodzi pa chaka. Mbali yaikulu ndi zipinda zozizira, china cha maluwa, china cha nyama, china cha mankhwala a chipatala, chilichonse ndi kuzizira kwake. Lole imafika chambuyo ndi kugunda pa khomo penipeni, kuti makatoni atuluke m'kuzizira ndi kulowa m'kuzizira. Malo oopsa kwambiri pa ulendo wonse ndi apo paleti imatuluka m'nyumba kudikira pansi pa ndege. Ikakhalitsa pa dzuwa, masiku amene duwa likadakhala m'nyumba ya wogula amachepa, ndipo kuziziritsanso pambuyo pake sikubweza chimene chatayika.

Ndege imanyamuka, ndipo pakatha maola 7 kapena 8 imatera ku Liège, m'dziko la Belgium. Kumeneko ndiko Ethiopian Cargo imatsitsira katundu wake wambiri wa ku Ulaya. Bwalo la Liège limalola ndege za katundu kutera usiku wonse, pamene mabwalo ena ambiri a ku Ulaya amaletsa chifukwa cha phokoso. Malole ozizira amakhala akudikira kale. Maola ochepa pa msewu, maluwa afika ku Netherlands, ku Aalsmeer, kumene kuli umodzi mwa misika ikuluikulu ya maluwa pa dziko lapansi. Ena amagulitsidwa pa okushoni, ena anagulidwa kale ndi masitolo akuluakulu asanadulidwe n'komwe. Okushoni yake ndi yodabwitsa kwa ife amene tinamvapo za okushoni ya fodya. Mtengo umayambira pamwamba ndi kumatsika, ndipo woyamba kudina batani ndiye wagula.

Koma duwa lisanalowe mu Ulaya pali mlonda pa chipata. Katundu aliyense wa zomera ayenera kukhala ndi kalata ya boma yotsimikiza kuti alibe tizilombo ndi matenda. Kachilombo kamene akuopa kwambiri pa rozi ndi kambozi ka gulugufe wa usiku wotchedwa false codling moth. Kwawo ndi kuno ku Africa, ndipo kamaboolanso malalanje, tsabola ndi thonje. Maiko a European Union anakaika pa mndandanda wa tizilombo toletsedwa, ndipo mu Epulo 2025 anakhwimitsanso malamulo a rozi wochokera ku Africa. Woyendera akapeza mbozi imodzi, katundu yense wa kalata imeneyo amakanidwa. Ndalama ya ndege yapita, maluwa apita.

Masabata oyandikira 14 Febuluwale, tsiku limene okondana amapatsana maluwa, ntchito imachuluka kotero kuti kampani imaonjezera maulendo. Amayi a m'mashedi amagwira mpaka usiku. Likapita tsikulo mtengo umatsika.

Ndege siingabwerere yopanda kanthu. Lole imene yapita yodzaza ndi kubwera yopanda katundu, mwini wake amalipiritsa ulendo wonse kwa munthu mmodzi. Tsono pobwerera ndege zimanyamula mankhwala, zipangizo za makina, mafoni ndi zovala, kuchokera ku Ulaya, ku China, ku India ndi kwina. Wambiri mwa katunduyu sathera ku Ethiopia. Amatsika ku Bole, amasankhidwa, ndi kukweranso ndege zina kupita ku maiko ena a mu Africa. Apa ndi pamene pali mphamvu ya kampaniyi, pakuti Addis Ababa wakhala mphambano. M'chaka chake cha ndalama cha 2023/24, kampaniyi inanyamula matani opitirira 700,000. Gawani ndi masiku 365, mupeza matani pafupifupi 2,000 tsiku lililonse.

Chaka cha 2020

Mu Marichi 2020 maiko anatseka malire chifukwa cha Covid-19. Anthu analeka kuyenda, ndege za anthu zinaima m'mizere pa mabwalo. Kumbukirani kuti theka la katundu linkayenda m'mimba mwa ndege zomwezo. Malo a katundu anasowa pa nthawi imene dziko lonse linkalira masiki ndi zipangizo za chipatala. Ku Aalsmeer ogula anathawa, maluwa milumilu anatayidwa.

Makampani ambiri a ndege anapempha maboma awo kuti awapulumutse, ena anagwa. A Ethiopian, motsogozedwa ndi mkulu wawo wa nthawi imeneyo Tewolde GebreMariam, anazula mipando m'ndege 25 za anthu ndi kuzisandutsa za katundu. Makatoni ankamangidwa ndi ukonde pamene pankakhala apaulendo. Pa 22 Marichi 2020 ndege yawo inafika ku Addis Ababa kuchokera ku China ndi mphatso ya Jack Ma, munthu wachuma wa kumeneko. Dziko lililonse mwa maiko 54 a mu Africa, lathu lomwe, linawerengeredwa zoyezera matenda 20,000, masiki 100,000 ndi zovala zodzitetezera 1,000, ndipo ndege za Ethiopian ndizo zinagawa. Mu Epulo bungwe la chakudya la United Nations, WFP, linasankha Bole kukhala malo ogawira thandizo la mliriwo mu Africa. Chaka chotsatira zipinda zozizira zija zinalandira katemera. Katundu ndiye anasunga kampani pamene apaulendo anasowa.

Nanga wapindula ndani?

Funso ili tisalilumphe. Ulimi wa maluwa ogulitsa kunja ku Ethiopia unali waung'ono kwambiri chisanafike chaka cha 2000. Boma linaitana amalonda, ambiri a kunja. Linawabwereka malo pa mtengo wotsika, linawakhululukira msonkho zaka zingapo, banki ya boma ya chitukuko inawakongoza ndalama, ndipo kampani ya ndege ya boma inaika ndege. Patapita zaka zochepa Ethiopia inakhala yachiwiri mu Africa pa kugulitsa maluwa kunja, kutsatira Kenya. M'chaka cha 2021/22 maluwa anabweretsa madola opitirira 500 miliyoni. Ndi ndalama zakunja zoterezi dziko limagula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Anthu zikwizikwi, ambiri amayi, anapeza ntchito ya pamwezi kumene kunalibe.

Mbali inayo nayonso ndi yoona. Malipiro a m'mashedi ndi ochepa. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Ziway akhala akudandaula za madzi opopedwa ndi mankhwala opopera. Alimi ena anachotsedwa pa minda ya makolo awo ndi chipukutamisozi chimene iwo anati n'chosakwanira. M'chaka cha 2016, pa zionetsero zotsutsa boma m'zigawo za Oromia ndi Amhara, minda ina ya maluwa ya alendo inatenthedwa. Ndipo duwa silidyedwa. Ife monga alimi tikaona nthaka yabwino yothiriridwa ikubereka chinthu chongonunkhiza, mtima umafunsa. Ena amayankha kuti hekitala imodzi ya rozi imalemba anthu ambiri kuposa hekitala ya chimanga, ndipo sakunama. Koma mwini hekitalayo kawirikawiri si wa m'mudzimo.

Tionenso ichi. Mlimi wa dimba laling'ono sangafike yekha pa khomo la nyumba ya katundu ku Bole. Alibe chipinda chozizira, alibe lole ya firiji, alibe kalata ya zomera, ndipo zokolola zake sizidzaza paleti imodzi sabata ndi sabata chaka chonse monga wogula amafunira. Ndege imabwera pomalizira. Isanafike pafunika msewu wosaduka nthawi ya dzinja, magetsi osazimazima, madzi oyera, ndi anthu odziwa kusankha, kuyeza ndi kulemba. Kumene alimi ang'onoang'ono akwanitsa kugulitsa kunja, achita zimenezo posonkhanitsa zokolola zawo pamodzi ku nyumba imodzi yolongedzera.

Kampaniyi si yachilendo kwenikweni m'dera lathu lino. Ndege zake zimatera ku Maputo, ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Ili ndi gawo mu Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014, ndi mu Zambia Airways, imene inayambanso mu Disembala 2021. Kuno kwathu inatsegula Ethiopian Mozambique Airlines mu Disembala 2018, yoyenda m'kati mwa dziko, koma inaimitsa ntchito mu Meyi 2021, apaulendo atachepa chifukwa cha mliri.

Ngakhale ku Ethiopia komweko si zonse zaziwisi zimene zikuyang'ana kumwamba. Mtengo wa ndege ndi wokwera, ndiponso ogula ena ku Ulaya akudandaula za utsi wake umene ukuthandiza kusintha nyengo. Ku Kenya alimi ena ayamba kutumiza rozi pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Mombasa, m'makontena ozizira kwambiri, ulendo wa pafupifupi mwezi. Ku Ethiopia njanji yatsopano ya magetsi yopita ku Djibouti inayamba kunyamula katundu wa malonda mu 2018. Mu Ogasiti 2020 kontena yozizira yoyamba ya mapeyala, olimidwa ndi alimi a ku Koga kufupi ndi Bahir Dar, inakwera sitima ya pamtunda ku Modjo kupita ku Djibouti, ndipo kumeneko inakwera sitima ya pamadzi ya ku Ulaya. Peyala ndi lolemera kuposa duwa, ndipo likathyoledwa lisanapse n'kuziziritsidwa limatha kudikira milungu.